Tsamba la ku China Limene Linabala Mankhwala a LA

Mayi amene walandira mibulu yachikasu ya LA pa zenera la chipatala, mwana ali kumsana thupi lili moto, sangaganize kuti mankhwalawo gwero lake ndi chitsamba. Komatu ndi momwemo. Mphamvu imene imayamba kupha tizilombo ta malungo mu LA imachokera ku masamba a chomera chotchedwa Artemisia annua, chimene Matchaina amati qinghao.

M'chaka cha 1967, malungo osamva kolorokwini atasautsa asilikali pa nkhondo ya ku Vietnam, boma la China linalamula akatswiri ake kuti afunefune mankhwala ena. Mmodzi wa iwo anali mayi Tu Youyou wa ku Beijing, amene anayamba ntchitoyi mu 1969. Iye ndi anzake anasonkhanitsa njira zoposa 2,000 za asing'anga akale, nayesa madzi a zitsamba zambiri pa mbewa zodwala malungo. Zochuluka zinalephera, ndipo mfundo imeneyi amaiiwala anthu amene amati chitsamba chilichonse chowawa ndi mankhwala a malungo.

Qinghao nayenso poyamba anali kugwira lero, mawa osagwira. Chinsinsi chinapezeka m'buku la sing'anga Ge Hong, lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo. Sing'angayo sanalangize kuwiritsa masambawo ayi, koma kuwaviika m'madzi ndi kuwafinya. Apa Tu Youyou anazindikira kuti kutentha kumawononga mphamvu yake. Atasintha njira, natulutsa mphamvuyo popanda moto waukali, kuyesa kwa nambala 191 kunapha tizilombo tonse m'mbewa zija mu 1971. Asanapatse wodwala aliyense, mayiyu ndi anzake anayamba amwa okha kuti aone ngati muli poizoni. Mu 1972 anapatula chinthu chenichenicho, chimene chimatchedwa artemisinin, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel.

Kwinini nayenso anayenda njira yomweyo: ndi wa m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo anapatulidwa ku Paris mu 1820.

Nanga ngati mankhwala ali m'tsamba, wodwala alekerenji kungothyola masambawo ndi kumwa ngati tiyi? Funsoli ndi lanzeru, koma yankho lake lagona pa muyeso. Artemisinin amapezeka pang'ono zedi m'masamba, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mbewu, nthaka, nyengo yokolola ndi kaumitsidwe. Kapu ya lero ndi ya mawa sizifanana, ndipo palibe diso lingathe kuona kusiyanako. Kaamba ka ichi, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse sililola tiyi wotere pochiza kapena kupewa malungo.

Chifukwa china ndi chakuti artemisinin amagwira msanga koma amachokanso m'magazi pa maola ochepa. Nchifukwa chake mu LA anaphatikiza artemether, wopangidwa kuchokera ku artemisinin, ndi mnzake lumefantrine, amene amakhalitsa m'thupi masiku angapo namatsiriza tizilombo totsala. Lumefantrine amalowa bwino m'magazi wodwala akadya chakudya chamafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lotendera nsinjiro. Mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Amene aleka pa tsiku lachiwiri poona kuti thupi lazizira, nasungira mwana wina mibulu yotsala, amasiya amoyo tizilombo tolimba kwambiri.

Dziko la Malaŵi likuudziwa mtengo wa zimenezi. Kolorokwini anafooka mpaka Unduna wa Zaumoyo unamusiya mu 1993 ndi kutenga Fansida. Fansida nayenso anafooka pochiza, ndipo LA analowa m'malo mwake mu 2007. Tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin tinaoneka koyamba ku Cambodia, ndipo tapezekanso ku Rwanda ndi ku Uganda, mayiko amene sali kutali kwenikweni.

Wotentha thupi ayambe wapimitsa magazi, pakuti si kutentha konse kumene kuli malungo. Mwana amene akukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kugona osadzuka, sayenera kudikira mibulu kapena muzu kunyumba. Ameneyo athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, kumene amabaya jekeseni wa artesunate, wochokeranso ku tsamba lomwe lija.