Galimoto yoyamba isakudyereni fetereza

Mukamayenda m'midzi ya ku Kasungu, Dowa, Mchinji kapena Rumphi, simulephera kuona galimoto itakhazikidwa pa miyala kuseri kwa nyumba. Matayala adachoka kalekale, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, ndipo ana asandutsa chiwongolero choseweretsa. Mukafunsa mumva kuti mwini wake adaigula chaka chimene fodya adachita bwino. Idayenda miyezi itatu kapena inayi, kenaka idafuna chitsulo china chimene sichidapezeke, kapena chidapezeka ndalama zitatha. Chaka chotsatira munda udalimidwa theka chifukwa ndalama za fetereza zidathera ku galaja.

Palibe cholakwika kuti mlimi agule galimoto. Amene ali ndi galimoto sagulitsa soya wake pakhomo pa mtengo wolira, tomato wake saolera m'dengu podikira matola, ndipo mwana akadwala usiku sagogoda pa makomo a anthu. Koma galimoto yoyamba, yogulidwa ndi ndalama zochepa ndi munthu amene wangophunzira kumene kuyendetsa, ndi malonda ofunika kudekha. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, ndiponso soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, ogulitsa magalimoto amadziwa kuti alimi ali ndi kangachepe m'thumba. Galimoto zotopa zimatsukidwa, zina zimapakidwa penti, n'kuikidwa m'mbali mwa msewu. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtengo wake si umene wogulitsa watchula

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mugawe ndalama za chaka chino. Patulani za fetereza ndi mbewu, za aganyu, za sukulu ya ana, ndi za chakudya chofika nacho mwezi wa Malichi. Zotsalazo ndiye za galimoto, ndipo nazonso musazipereke zonse kwa wogulitsa. Pa magawo anayi alionse, sungani limodzi.

Gawo limenelo lili ndi ntchito yake. Galimoto yakale ikangofika pakhomo imafuna oyilo watsopano ndi masefa ake, kawirikawiri matayala awiri kapena onse anayi, mwinanso batire ndi mabuleki. Pamwamba pa izi pali inshuwalansi, imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pa msewu kukhala nayo, pali COF, yomwe ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, ndiponso ndalama zosinthira dzina la mwini. Kumbukiraninso kuti zitsulo za galimoto zimachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya matayala, mabatire ndi zitsulo idakwera nthawi yomweyo, pamene mlimi amadikira chaka chathunthu kuti agulitsenso mbewu.

Ngati ndalama sizikukwana, dikirani chaka china. Galimoto ya katapila, kapena yogula mutagulitsa ng'ombe zokoka ngolo, imasiya munthu wopanda galimoto ndiponso wopanda ng'ombe.

Ntchito yake ndi msewu wake

Funso loyamba si lakuti ndi galimoto iti yokongola, koma lakuti idzanyamula chiyani, kangati pa sabata, pa msewu wotani. Galimoto iliyonse ili ndi mlingo wa katundu umene adaipangira. Timalole ting'onoting'ono ta ku Japan monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet tili ndi injini ya 660cc ndipo mlingo wake ndi makilogalamu 350, kutanthauza matumba 7 a makilogalamu 50. Toyota Probox imanyamula makilogalamu 400, matumba 8. Nissan NP200, imene adasiya kupanga ku South Africa mu 2024, imanyamula makilogalamu 800, matumba 16. Pikapu ya tani imodzi monga Toyota Hilux kapena Isuzu KB ya mipando yakutsogolo yokha imafika matumba 20.

Tonse tidaonapo Probox kapena Sienta itasenza matumba mpaka kumbuyo kukukhula pansi. Imafika ndithu, koma masipulingi, matayala ndi mabuleki zimalipira, ndipo tsiku lina pa chitsetse imakana kuima. Mlimi wa masamba, mazira, nkhuku kapena mkaka, amene amapita ku msika kawirikawiri ndi katundu wopepuka, galimoto yaing'ono imukwanira. Koma amene amanyamula mabelo kapena matumba ambiri kamodzi kapena kawiri pa chaka, aganize kawiri. Kuchita hayala lole masiku ochepawo n'kotchipa kusiyana ndi kudyetsa pikapu yaikulu miyezi khumi ndi iwiri.

Werengeraninso mafuta. Tiyerekeze kuti msika wanu uli pa mtunda wa makilomita 40. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 80. Galimoto yoyenda makilomita 8 pa lita imodzi idzamwa malita 10, pamene yoyenda makilomita 16 idzamwa malita 5. Mukamapita kawiri pa sabata, kusiyana kwake pa chaka kumaposa malita 500. Amene adagonapo pa mizere ya mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024 akudziwa kuti lita imodzi si chinthu chamasewera.

Kenaka ganizani za msewu wa kwanu m'mwezi wa Januwale, osati wa Julaye. Galimoto zofupika monga Vitz, Passo kapena Aqua zidapangidwira misewu ya tala. Pa msewu wa makwawa ndi mizere ya ngolo zimagunda pansi, ndipo mwala umodzi ukaboola chosungira oyilo kunsi kwa injini, injiniyo yatha.

Yambani mwafunsa makaniko wa kwanu

Galimoto yabwino kwa mlimi ndi imene makaniko wa pa malo a malonda apafupi amaidziwa, ndipo zitsulo zake zimapezeka m'sitolo ya pa boma. Imani m'mbali mwa msewu tsiku la msika, muwerenge mitundu ya magalimoto imene ikudutsa kwambiri. Imeneyo ndiyo ili ndi zitsulo, zatsopano ndi zakale zomwe. Galimoto yachilendo, ngakhale itchipe chotani, ikathyoka kachitsulo kamodzi mudzakwera basi mpaka ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, n'kukauzidwa kuti tiitanitse kunja. Nthawi zambiri kutchipa kwakeko chifukwa chake n'chomwecho.

Magalimoto oyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Aqua ndi Prius, amamwa mafuta pang'ono zedi. Koma batire lake lalikulu likatopa ndi lokwera mtengo, ndipo kupeza vuto lake kumafuna makina a kompyuta amene magalaja ambiri a kumudzi alibe. Za magiya nazonso funsani. Galimoto yosintha yokha magiya ndi yosavuta kwa wophunzira, koma batire likafooka siilira pokankha, ndipo bokosi lake la magiya likafa ndalama zake n'zambiri. Zina, monga Sienta zambiri, zili ndi bokosi la mtundu wa CVT limene limafuna oyilo wakewake. Mukathiramo oyilo wamba mwaliwononga. Galimoto ya magiya a pamanja imapirira, ngakhale kuti dalaivala watsopano amatha kupsereza kilachi m'miyezi yoyamba.

Tsiku lokaona galimoto

Pitani ndi makaniko wanu, amene mwamulipira inu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Pitani m'mawa, dzuwa likuwala, ndipo muuze wogulitsa kuti asailize musanafike. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti wina wayamba waitenthetsa pofuna kubisa kuti imavuta kulira kukazizira.

Ikalira, yang'anani utsi. Wobiriwira ngati mtambo ukusonyeza kuti injini ikudya oyilo. Woyera wochuluka umene sukutha injini itatentha ukusonyeza kuti madzi akulowa m'kati. Wakuda ndi mafuta amene sakupsa bwino. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukaona zoterera zooneka ngati tiyi wamkaka, madzi ndi oyilo zasakanikirana, ndipo galimoto imeneyo isiyeni. Suzumirani pansi pamene idagona ngati padontha kanthu. Makaniko alowe kunsi aone dzimbiri ndi malo owotcherera pa chasisi, chifukwa galimoto imene idagubuduka kapena kupindika imadya matayala mbali imodzi moyo wake wonse.

Nambala ya makilomita imene ikuoneka kutsogolo kwa dalaivala musaikhulupirire kwambiri, poti alipo akatswiri oibweza m'mbuyo. Yerekezani ndi kutha kwa mpando, chiwongolero ndi mphira za popondera. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapanga ake akuoneka. Funsaninso ngati injini ili ndi lamba wa taimingi kapena tcheni. Pa injini zambiri lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka galimoto ikuyenda, pa injini zina amawononga zam'kati. Injini za petulo za Probox zili ndi tcheni, chimene ndi chifukwa chimodzi amakaniko amazikondera.

Pomaliza iyendetseni, osati pa bwalo pokha. Ikwere chitunda, idutse pa mabampu, ipondedwe mabuleki mwamphamvu, ndipo muone ngati muvi wosonyeza kutentha ukukhala pakati. Wogulitsa akakana kuti muiyese, kapena akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, tsanzikani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala ndiwo galimoto

Injini yoipa imakonzedwa, koma mapepala oipa amalanditsa galimoto yonse. Onani bulubuku yeniyeni, osati chithunzi chake. Nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zalembedwamo zifanane ndi zimene zadindidwa pa galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Dzina la m'bukulo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Akakuuzani kuti ndi ya achimwene amene ali ku Joni, dikirani achimwenewo. Ngati idagulidwa pa ngongole ya ku banki ndipo ngongoleyo sidathe, bankiyo ikhoza kudzailanda m'manja mwanu.

Magalimoto ambiri akale amene timagula amachokera ku Japan, kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ena amachokera ku South Africa kudzera ku Mwanza kapena Dedza. Iliyonse imayenera kulipiridwa msonkho ku MRA, ndipo msonkhowo umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Galimoto imene ikadali ndi nambala ya IT kapena nambala ya dziko lina imaoneka yotchipa chifukwa mwina msonkho sudalipiridwe, ndipo msonkhowo udzagwera inu. Wogula koyamba ndi bwino agule galimoto yolembetsedwa kale m'dziko muno, imene angaione ndi kuigwira. Kutumiza ndalama pa lamya kwa munthu wa pa Facebook amene wangokuonetsani zithunzi ndi kutaya ndalama m'madzi.

Mukagwirizana mtengo, lemberanani kalata yosonyeza mayina, nambala za galimoto, ndalama ndi tsiku, pamaso pa mboni ziwiri. Mukakayika, pitani nayo ku polisi akaone ngati si yobedwa. Kenaka pitani limodzi ndi wogulitsa ku ofesi ya Road Traffic, monga ya ku Blantyre, Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu, mukasinthe dzina, ndipo ndalama zomaliza muzipereke zimenezi zitatheka. Madobadoba oima pa chipata musawapatse mapepala anu. Lowani nokha, mulipire pamalo povomerezeka, mulandire lisiti.

Woyendetsa naye ndi watsopano

Kaya muziyendetsa nokha kapena mwana wanu, layisensi ikhale yeniyeni, yopezeka munthu ataphunzira ndi kuyesedwa. Ya gulu B ndiyo ya magalimoto ang'onoang'ono osaposa makilogalamu 3,500. Kunyamula anthu olipira kumafuna zilolezo zina ndi inshuwalansi ina. Mukachita ngozi mutanyamula matola pa mapepala a galimoto ya pakhomo, kapena woyendetsa alibe layisensi, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, ndipo milandu ya ovulala idzafika pa munda wanu.

Dalaivala watsopano amakhula galimoto pa chipata, amagwera m'ngalande pobwerera m'mbuyo, amaiwala madzi. N'chifukwa chake galimoto yoyamba iyenera kukhala yaing'ono, yosathamanga kwambiri, ndiponso yoti nyali ikasweka mugula ina osagulitsa mbuzi. Miyezi yoyamba yendani masana okhaokha, ndi katundu wochepa. Galimoto yolemedwa imatenga mtunda wautali kuti iime, ndipo pa malo a malonda pali njinga za kabaza, ana ndi ziweto. M'mawa uliwonse onani oyilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala. Pa misewu yathu ya fumbi sinthani oyilo pa makilomita 5,000 alionse, ndipo sefa ya mpweya muziigwedeza kawirikawiri. Makiyi akhale ndi munthu mmodzi. Galimoto ya mudzi wonse, imene aliyense amabwereka popita ku ukwati ndi ku mpira osathiramo mafuta, siiona chaka chachiwiri.

Gulani kabuku, muzilembamo ndalama iliyonse imene galimoto yadya ndi iliyonse imene yabweretsa kapena kupulumutsa. Pofika nyengo yogula fetereza, kabukuko kadzakuuzani ngati mwagula wantchito kapena mwagula mlendo wodya nawo. Akakhala mlendo, igulitseni ikadayenda, isanakwere pa miyala.