Chuma cha m'Nthaka, Gawo 3: Ntchito Yotsala Makina Akachoka

Kummwera kwa tauni ya Balaka kuli phiri lotchedwa Kangankunde. Munthu wongodutsa sangaone chachilendo pa phirili, koma akatswiri a za miyala akhala akulizungulira kwa zaka zambiri chifukwa cha mwala wotchedwa monazite, m'mene muli zitsulo zosoŵa zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Kampani ya Lonrho idafufuzapo m'zaka za m'ma 1970, Balaka isanakhale boma palokha, pakuti idapatukana ndi Machinga mu 1998. Pakati pa 1987 ndi 1990 padabwera akatswiri a ku France a bungwe la BRGM. Mu 2022 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, idagwirizana zogula kampani imene inali ndi chilolezo cha phirilo pa mtengo wa madola 30 miliyoni, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho idayamba kuboola. Mu 2023 zibowo ziŵiri zidafika kuya pafupifupi mamita 1,000, ndipo mu Ogasiti kampaniyo idalengeza kuti m'phirimo muli matani 261 miliyoni a mwala wokhala ndi zitsulozo.

Nkhani zotere zimamveka msanga pa wailesi. Imene simveka ndi ya ntchito yotsala makina akachoka, yokwirira maenje, kutseka zibowo, kuchotsa zinyalala ndi kubwezera nthaka m'malo mwake. Zimene zikufotokozedwa pano sizikuloza chala kampani iriyonse. Zimapezeka pali ponse pamene munthu waboola nthaka, kaya akufuna zitsulo, kaya mwala wa laimu monga wa ku Chenkumbi, kaya madzi a pa mjigo.

Pofufuza miyala pali njira ziŵiri zoboolera. Ina imagwiritsa ntchito mpweya wamphamvu umene umatulutsa mwala uli zidutswa ndi fumbi, ndipo zimenezi amaziika m'matumba a pulasitiki, thumba limodzi pa mita iriyonse. Thumba lotere lingathe kulemera makilogalamu 30 kapena kupitirira, kotero kuti chibowo cha mamita 150 chimasiya matumba 150 atandandalikidwa pabwalo. Njira inayo imatulutsa mwala wamphumphu wooneka ngati munsi, ndipo imafuna madzi ambiri. Pambali pa makina amakumba maenje osungiramo madzi ndi matope. Kuwonjezera apo pamatsala dothi lothimbirira ndi oyilo, migolo ya dizilo, mapaipi, ndi misewu yosemedwa m'mbali mwa phiri.

Vuto lagona pakuti makina akamachoka, kaŵirikaŵiri amachoka pamodzi ndi kapitao wodziŵa ntchito, bokosi la mankhwala ndi galimoto imene ikadathamangira kuchipatala ndi wovulala. Ntchito yotsalayo imaoneka ngati ya khasu ndi fosholo chabe, choncho imagwera aganyu a m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo anyamata ongosiya kumene sukulu. Ganyu yopimidwa ndi kuchuluka kwa matumba kapena maenje imaphunzitsa munthu liŵiro, ndipo wothamangira kutsiriza sakhala ndi nthaŵi yothira madzi pa fumbi.

Fumbilo ndilo loyamba kuliopa, chifukwa silipweteka tsiku lomwelo. Matumba akakhala miyezi ingapo pa dzuŵa la ku Balaka amafumbwa, ndipo munthu akangoti anyamule amaphulikira kumaso. Dziko la Malaŵi lidaphunzira kale za fumbi kudzera mwa azibambo amene adapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba, nabwerako ndi masutikesi ndi njinga, koma patapita zaka nayamba kutsokomola ndi kubanika pokwera kamtunda kakang'ono. Matendawo, silicosis, amayamba ndi fumbi losalala la mwala wa quartz limene limaumitsa mapapo, ndipo alibe mankhwala ochiza. Amatsekuliranso njira chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala ndi kwa amasiye, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Nzoona kuti mwala wa pakati pa Kangankunde ndi wa mtundu wa laimu, wosiyana ndi wa ku Joni. Komabe wantchito sangathe kusiyanitsa fumbi ndi maso, ndipo makina omwewo maŵa adzaboola phiri lina. Njira yake ndi kunyoŵetsa zidutswazo asanazikhuthule, kuima kumene kukuchokera mphepo, ndi kuvala chotchinga pamphuno chenicheni chosefa fumbi. Mpango womanga pakamwa umangotonthoza mtima.

Monazite ali ndi nkhani yakeyake. M'maiko ambiri mwalawu umakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa chosaoneka ndi maso. Eni mgodi wa Kangankunde adalengeza kuti mwala wa pamenepo uli ndi thorium ndi uranium zochepa kwambiri, ndipo imeneyi ndi nkhani yabwino. Chikhalirecho chotsimikizira ndi chipangizo choyezera, ndipo Boma, potsata lamulo la mu 2011, lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zimenezi. Wantchito wanzeru sadyera nsima atakhalira matumba a zidutswa, amasamba m'manja asanadye, ndipo satengera kumudzi thumba kapena pepala la pulasitiki loti akayanikirepo ufa.

Chimodzimodzi migolo. Mgolo wopanda kanthu ndi chuma kumudzi, koma umene munali dizilo kapena oyilo suyenera kusungirapo madzi akumwa, ngakhale autsuke kangati. Choopsa koposa ndi kuudula ndi moto kapena ndi chopalira zitsulo, pakuti nthunzi yotsalira m'katimo imaphulika. Dothi lothimbirira ndi oyilo lifunika kulikumba ndi fosholo, munthu atavala magolovesi, ndi kukalitaya kumalo oikidwiratu, kutali ndi chitsime ndi dimba.

Maenje a matope amanyenga. Pamwamba pamauma nkhungu ngati ya phala, pansi pali pofeŵa, ndipo woponda amatitimira mpaka m'chiuno. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo khoma la dzenje likamagumuka silichenjezadi munthu. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi, ndipo wokwiririka mpaka pachifuwa amalephera kupuma ngakhale mutu uli kunja. Nchifukwa chake dzenje lakuya kupitirira m'chiuno silofunika kuloŵamo khoma lake lisanapendeketsedwe, ndipo munthu sagwira ntchito yotere ali yekha. Pa Kangankunde ofufuza akale adakumbanso ngalande yoloŵa m'kati mwa phiri. Malo otsekeka oterowo, kuli konse kumene ali, angathe kukhala ndi mpweya woipa wopanda fungo, umene umagwetsa woyamba kuloŵa kenaka ndi mnzake womuthamangira.

Chibowo chenichenicho ndi chaching'ono, koma pakamwa pake pakagumuka pamathyola mwendo wa munthu kapena wa ng'ombe, ndipo chikasiyidwa chotseguka chimatsitsira madzi onyansa ku madzi a pansi. Amachitseka ndi simenti. Simenti yaiŵisi imaotcha khungu pang'onopang'ono, makamaka ikaloŵa m'jombo munthu nkumangopitiriza ntchito; mankhwala ake oyamba ndi madzi ambiri, nthaŵi yomweyo.

Ntchito yobwezeretsa nthaka imafulumizidwa kuti ithe mvula isanagwe, udzu ndi mitengo zidzamere bwino. Tsono miyezi imeneyo, Okutobala ndi Novembala, ndiyo imene chigwa cha Balaka chimatentha ngati ng'anjo. Madzi akumwa, mthunzi ndi kupumula masana ziri m'gulu limodzi ndi chisoti ndi jombo. Mnyamata akayamba chizungulire, mutu ndi kulankhula zosokonekera, ayenera kugonekedwa pamthunzi, kuthiridwa madzi ndi kutengeredwa kuchipatala. Njoka ndi zinkhanira nazo zimakonda kubisala pansi pa matumba okhalitsa.

Malamulo alipo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la mu 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake ndi kuŵapatsa zovala zodzitetezera popanda kuŵalipiritsa. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017, pamodzi ndi lamulo la migodi limene lidakonzedwanso mu 2019 ndi mu 2023, amafuna kuti wokumba akonzenso malo amene waononga. Lamulo la mu 2000 limanena za chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito. Koma onsewa amathandiza munthu amene angathe kusonyeza kuti adagwiradi ntchito pamalopo, ndipo apa mpamene waganyu amagwera, chifukwa dzina lake nthaŵi zambiri limangokhala m'mutu mwa kontirakitala.

Aphunzitsi a Fomu 4 angathe kuthandiza ndi phunziro la mphindi khumi zokha. Wophunzira adziŵe kufunsa dzina la womulemba ntchito, kuona kuti dzina lake laloŵa m'kaundula, ndi kudziŵa kumene kuli ofesi ya za ntchito pa boma, kumene ngozi iyenera kukanenedwa. Akhalenso ndi kope lakelake lolembamo tsiku, malo, ntchito imene wagwira ndi dzina la kapitao. Ambiri mwa obwera ku Joni ndi amasiye awo avutika kupeza ndalama zawo chifukwa mapepala osonyeza mgodi ndi zaka zimene adagwirako ntchito adatayika kapena adadyedwa ndi chiswe.