Mamota 30 pa Waya Umodzi: Lamulo Lifika Nthawi Yanji?

M'fakitale yogaya nzimbe phokoso silitha. Malamba akukoka nzimbe, mapampu akukankha madzi, mafani akupemerera moto, ndipo zonsezi zikuzunguzidwa ndi mamota amagetsi. Ambiri mwa mamotawa ali ndi bokosi lotchedwa drive, lomwe limawonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Ma drive nawonso ali ndi bwana wawo, PLC, kompyuta yopirira fumbi ndi kutentha imene mbiri yake inayamba mu 1968, kampani ya General Motors ku America itafuna chida cholowa m'malo mwa makabati odzaza ma relay.

Funso lomwe limazunguza mutu amisiri ndi lakuti, kodi PLC imodzi ingalankhule ndi ma drive angati pa netiweki imodzi? Ambiri amathamangira kuwerenga maadiresi, pamene chimene chimayamba kutha ndi nthawi.

Chitsanzo chabwino ndi Modbus, njira yotumizirana mauthenga imene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Ili ndi maadiresi 247, ngakhale kuti waya wa RS-485 umene imadutsamo nthawi zambiri umanyamula zida 32 zokha popanda chida cholimbitsa uthenga. Kachitidwe kake n'kofanana ndi mphunzitsi woitana mayina m'kalasi: PLC imatchula drive yoyamba, n'kudikira yankho, kenako yachiwiri, mpaka mndandanda kutha n'kuyambiranso. Palibe woyankha asanaitanidwe.

Masamu ake ndi awa. Kuti PLC imve manambala anayi kwa drive imodzi, funso ndi yankho pamodzi zimakwana ma byte 21, ndipo byte iliyonse imayenda ngati ma bit 11. Pa liwiro la ma bit 9,600 pa sekondi, zimenezi zimadya mamilisekondi 24, milisekondi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuphatikiza kachete kamene kamayenera kukhala pakati pa mauthenga, nthawiyo imafika pafupifupi 32. Ma drive akakhala 30, aliyense amafikiridwa kamodzi pa sekondi. Drive ina ikazima, zinthu zimaipiratu, chifukwa ulendo uliwonse PLC imaima n'kudikira yankho losabwera, ena onse ali chete pamzere.

Kwa pampu yodzaza thanki, sekondi imodzi si kanthu. Koma pa makina opakira katundu, pomwe mpeni uyenera kudula pulasitiki pamalo enieni lamba ali pa liwiro, mamota amafuna lamulo latsopano pa milisekondi iliyonse.

Apa m'pamene mafakitale anatembenukira ku Ethernet, kudzera m'njira monga Profinet ndi EtherNet/IP. Liwiro la ma bit 100 miliyoni pa sekondi limaoneka ngati msewu wosadzaza, komabe nawo uli ndi malire. Phukusi laling'ono kwambiri la Ethernet limatenga malo a ma byte 84 pa waya, ngakhale uthenga weniweni utakhala wa ma byte anayi. Zili ngati kutumiza kalata imodzi m'katoni. Mapukusi 100 otere amadya magawo awiri mwa atatu a milisekondi.

Kampani ya Beckhoff ya ku Germany inabwera ndi nzeru ina mu 2003, yotchedwa EtherCAT. M'malo motumizira drive iliyonse phukusi lake, phukusi limodzi limadutsa mwa onse ngati mbale ya chopereka m'tchalitchi. Drive imatengamo lamulo lake n'kuponyamo yankho phukusilo lili kuyenda, ndipo likafika kumapeto limabwerera kwa PLC. Netiweki imodzi yotere imalola zida zokwana 65,535.

Waya nawo uli ndi zofuna zake. Ma drive amayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo masauzande pa sekondi, zomwe zimasokoneza mauthenga, n'chifukwa chake amisiri amagwiritsa waya wokutidwa ndi chitsulo ndipo amauyala kutali ndi zingwe za mamota. Pa RS-485 amaikanso resistor ya ma ohm 120 kumapeto onse awiri kuti uthenga usabwerere m'mbuyo.

Njira zakale monga Modbus sizinatayidwe. Ethernet ya waya wakopa imalekezera pa mamita 100 pakati pa zida ziwiri, pamene RS-485 ikamayenda pang'onopang'ono imafika mamita 1,200. Choncho m'fakitale imodzi mumatha kupezeka zonse ziwiri: makina opakira ali pa netiweki yothamanga, pampu ya kudamu ikuitanidwabe dzina kamodzi pa sekondi.