Galu Wokalamba Asamanidwe Katemera wa Ciwewe

Ku Palabana, m'boma la Chongwe, kumene alimi aweta ng'ombe za mkaka, galu ndiye mlonda wa khola usiku. Nanga akakalamba, kodi nkofunika kumlasanso nyeleti?

Katemera wa ciwewe sayang'ana msinkhu, ndi lamulo la boma. Galu wofuntha akaluma mwana kapena ng'ombe, maliro angalowe pamudzi, pakuti matendawa akaonekera sacizika. Bungwe la WHO linena kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 pa caka m'dziko lonse lapansi.

Katemera wa cifuwa ca agalu ndiye wosakakamiza. Galu wokhala pakhomo, wosayenda ndi anzake, angathe kukhala wosalasidwa. Komabe mwini asagamule yekha. Dotolo wa ziweto ayambe wamupima galuyo.