Chuku chobiriwira choteteza mizu ya tomato

Alimi a tomato ku Tsangano, Lizulu ndi Bvumbwe nthenda iyi amaidziwa bwino. Mbewu imakula mosangalatsa, nkuyamba kubereka, kenaka masamba a m'munsi amachita chikasu, kawirikawiri mbali imodzi ya tsinde. Dzuwa likafika paliwombo imafota, usiku nkutsitsimuka, mpaka tsiku lina imagoneratu. Mwini dimba amathamangira Dithane, koma kupopera masamba sikuphula kanthu poti vuto lili pansi.

Woyambitsa ndi fangayi wa m'nthaka wotchedwa Fusarium oxysporum, amene G.E. Massee anamufotokoza pa tomato ku England mu 1895. Amalowera ku mizu, makamaka imene yavulazidwa ndi khasu kapena nyongolotsi zotupitsa mizu, nkukatseka timitsempha tokweza madzi. N'chifukwa chake mbewu imafa ndi ludzu pa dothi lonyowa. Mukang'amba tsinde, mupeza mizere yodera m'katimo. Fangayiyu amakonda nthaka yotentha, ndipo amatha zaka zambiri ali m'dothi ngakhale mutasiya kulimapo tomato.

Komatu m'nthaka momwemo mulinso mdani wake. Mu 1932, Richard Weindling ku America anaonetsa kuti chuku chobiriwira chotchedwa Trichoderma chimadya mafangayi ena. Chikathiridwa ku mizu chimamera msanga nkuikuta, motero Fusarium amapeza malo ndi chakudya zitatengedwa kale. Chimatulutsa timadzi tosungunula khungu la mafangayi oononga, komanso chimadzutsa chitetezo cha mbewu yeniyeniyo. Mtundu wa T-22, umene Gary Harman ndi anzake anaukonza ku Cornell University, ukugulitsidwa m'maiko ambiri. Ku Kenya, makampani a Real IPM ndi Dudutech amachulukitsa Trichoderma asperellum nkumagulitsa kwa alimi.

Mfundo yofunika kuimvetsa ndi yakuti Trichoderma amateteza, sachiza. Mbewu imene yafota kale yapita. Izuleni, muitenthe kutali ndi munda. Ntchito imayambira pa nazale: ufa wa Trichoderma usakanizidwe ndi dothi ndi manyowa owolerana musanafese, ndipo pa tsiku lowokera mizu ya mbande iviikidwe m'madzi osungunuliramo ufa womwewo. Ndi chinthu chamoyo ichi. Paketi yokhalitsa padzuwa kapena yopitirira tsiku lake ndi ndalama yotayika, ndipo mankhwala ena opha mafangayi akathiridwa m'dothi amaphera kumodzi ndi chuku chothandizacho.

Si kufota konse kumene kuli kwa Fusarium. Kulinso kwa bakiteriya wotchedwa Ralstonia, kumene kumagwetsa mbewu mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira. Dulani tsinde, mulilendewetse m'tambula ya madzi oyera: mukaona timizere tonga mkaka tikutsika, ameneyo ndi bakiteriya, ndipo tomato, mbatatesi, mabiringano ndi fodya zisabwererenso msanga pa malowo.

Trichoderma payekha sangawombole dimba limene labzalidwa tomato chaka ndi chaka osapuma. Amagwira bwino pamodzi ndi kasinthasintha wa mbewu, mitundu yopirira ku Fusarium ndi manyowa okwanira, ndipo ntchito yake imasiyana malinga ndi dothi. Choncho alimi, yambani ndi mizere yochepa, mufananize ndi ina yosathira. Musanagule, funsani alangizi a m'dera lanu, ndipo onetsetsani kuti mankhwalawo ndi ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board.