Bolodi pakhonde, wotchi pa msomali: ma tuition a asisi ku Lundazi

Amene mumakonda kukhala ku windo mu minibasi yopita ku Chawama, Kanyama kapena Mtendere mwaziona zikwangwani zija. Zina n'zamakatoni, zina anangolemba ndi penti pa geti, zoitana ana a Grade 7 ndi Grade 12 komanso akuluakulu a GCE kuti abwere ku ma tuition. Pansi pake pamakhala nambala ya foni, ndipo mvula ikagwa kawiri manambala awiri omaliza saonekanso. Chimodzi mwa zikwangwani zimenezo chinali changa.

Munali mu 2023. Ndinaona kuti malipiro a mtolankhani amatha mwezi usanafike pakati, ndiye ndinati Chingelezi ndimachidziwa, bwanji ndiziphunzitsako madzulo. Ndinagula bolodi yoyera ku Kamwala, ndinabwereka benchi kwa a landilodi, ndipo sabata yoyamba ndinapeza anthu 7 okonzekera GCE. Onse analipiratu pa foni. Ndinadziona ngati bwana.

Koma nchito yathu ilibe wotchi. Lero mlandu kukhoti wachedwa, mawa msonkhano wa atolankhani umene anati uyamba 14 hours wayamba 16, mkucha mwakhala pa jamu ya pa Kafue roundabout mpaka mdima. Ndinazolowera kulemba pa WhatsApp kuti "lelo sitizakumana, tizapanga Saturday." Loweruka likafika ndatopa. Mwezi wachiwiri usanathe anatsala munthu mmodzi, ndipo mayi wina anabwera m'mawa kudzaima pakhomo mpaka ndinam'bwezera ndalama za mwana wake. Bolodi ija inathera kuseri kwa wodilopu.

Nkhaniyi ndinali nditaiiwala dala mpaka mwezi wa Seputembala, pamene ndinapita kukaona asisi anga ku Lundazi. Ulendo wake mukuudziwa a kum'mawa: kukwera pa Intercity kusanache, nsomba zouma pa Luangwa Bridge, nthochi pa Nyimba, kenako Petauke, Katete, Chipata, n'kukhotera kumpoto makilomita ena pafupifupi 180. Ukamatsika msana umakhala si wako. Alendo ambiri akafika amathamangira kukajambula Castle Hotel, nyumba yonga ya mafumu a ku Ulaya ija imene DC wachitsamunda Errol Button anamangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ine chimene ndinatsala nacho m'mutu ndi khonde la asisi.

Asisi ndi mphunzitsi wa dipuloma. Mu 2022, boma litalemba nchito aphunzitsi 30,496, anagula nyuzipepala n'kuyendetsa chala pa maina kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. Lawo munalibe. Anagulitsako salaula, anakazingako vitumbuwa, uku akudikira. Chaka chomwecho mu Januwale maphunziro aulere anali atayamba, ana amene anali atakhala pakhomo chifukwa cha fizi anabwerera kusukulu, makalasi anadzaza. Ndi chinthu chabwino, palibe angatsutse. Koma mphunzitsi mmodzi amene ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo sangaone kope la mwana aliyense, ndipo makolo anayamba kufunsa amene angakhale pansi ndi mwana wawo n'kumuonetsa pamene akulakwitsa. Asisi anapaka penti yakuda pa pulaiwudi, anaikhomera pakhonde, n'kupachika wotchi pa msomali.

Zonsezi ndi zomwe ndinachita inenso ku Lusaka. Kusiyana kunayambira pa zimene anachita miyezi itatu yoyamba, ndipo sindikanakhulupirira akanapanda kundiuzanso aneba. Tsiku lililonse 14 hours ikakwana amakhala pampando pakhonde, choko m'manja, kaya pabwera mwana kaya ayi. Masiku ena pamabwera mmodzi. Masiku ena palibe, iwo n'kukhalabe mpaka 16 hours akulemba mafunso pa bolodi ndi kuwayankha okha. Azimayi opita kuchigayo ankaseka kuti a Madam akuphunzitsa nkhuku.

Ndinawafunsa kuti, asisi, simunkachita manyazi? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Iwe, kholo silipereka mwana kwa munthu amene silidziwa ngati lim'peza. Ninafuna aliyense wopita pa njira iyi adziwe kuti pa 14 hours pampando apa pali munthu."

Tsiku lawo ndinaliona ndekha. Amadzuka 04:30, kunja kuli zii, n'kuyatsa kanyali ka sola kuti achonge makope a dzulo. Akuti akasiya kuchonga tsiku limodzi makope amaberekana. Ikamakwana 06 hours madzi atunga, phala la ana awo lapsa. Kuyambira 08 mpaka 10 amakhala ndi ana amene kusukulu amalowa masana. Kenako msika, kuphika, kuchapa. Pa 14 hours gulu lalikulu, la Grade 7. Madzulo, 17:30 mpaka 19 hours, amabwera akuluakulu: wogulitsa mu shopu, mayi wa ana atatu, mnyamata woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Awa ndi amene anamaliza Grade 12 koma samu kapena sayansi inawagwetsa. Pa satifiketi ya ECZ, kuyambira 1 mpaka 6 ndiye kuti uli ndi credit kapena kuposa, 7 ndi 8 wangodutsa chabe, ndipo makoleji a unamwino ndi uphunzitsi amafuna ma credit asanu. Munthu amakhala zaka akugulitsa tomato chifukwa cha 7 mmodzi wa samu. Mayeso a GCE amalembedwa pakati pa chaka, ndiye gulu limene ndinalipeza linali litangoyamba kukonzekera a chaka chamawa.

Foni ya asisi nthawi ya phunziro imakhala m'chipinda, pansi pa pilo. Ine amene ndimaigwira ngakhale ndili pa nsima ndinaona ngati chilango.

Pali buku lina lachikuto cholimba limene salola munthu kuligwira. Tsamba lililonse ndi la mwana mmodzi: tsiku limene anayamba, masiku amene anajomba, zimene walipira, ndi mutu umene ukumuvuta. Wina analembapo kuti ma fraction, wina kuwerenga ndime n'kuyankha mafunso. Lamlungu madzulo amatsegula bukuli n'kukonza za sabata yonse. Kholo likabwera kudzadandaula kuti mwana sakusintha, iwo sakangana nalo, amangotsegula tsamba n'kuonetsa kuti mwezi uno wabwera masiku 6 okha. Ine ku Lusaka ndinalibe ngakhale kapepala. Amene analipira ndi amene sanalipire ndinkawasunga m'mutu, mutu womwewo wosunga maina a nduna ndi masiku a milandu.

Za ndalama ndiye zinandiphunzitsa kuti Lundazi si Lusaka. Kuno timawerengera pa mapeto a mwezi. Kumeneko ndalama imabwera ndi zokolola: chimanga, soya, nshawa, mpendadzuwa, thonje. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu ali nako kanthu m'thumba, koma Januwale ndi Febuluwale ngakhale wa mtima wabwino amakupatsa moni chabe. Chaka choyamba asisi anangongoza aliyense, ndipo ngongole zambiri zinapita ndi mphepo. Tsopano amagwirizana ndi kholo poyamba penipeni: amene ali pa malipiro a mwezi alipire sabata yoyamba, mlimi alipire temu yonse akagulitsa, ndipo amene alibe ndalama abweretse nshawa kapena soya pa mtengo wa pamsika tsiku limenelo. Kuchipinda kwawo ndinaona matumba atatu a nshawa, fizi ya ana anayi. Chilala cha 2024 chitapha mbewu, ana ambiri anasiya, ndipo iwo anasankha asanu a Grade 7 n'kuwaphunzitsa osalipira mpaka mayeso. Akuti khonde likanakhala lopanda anthu chaka chonse, chaka chotsatira akanayambanso kuphunzitsa nkhuku.

Achibale ndiwo mutu wina. Mwana wa amalume, mwana wa apongozi, mwana wa mnzawo wa kukwaya, onse amabwera ndi mawu akuti ndife amodzi. Anaika malire: malo awiri aulere pa temu, akadzaza adzaza. Azakhali ena sanawalankhule miyezi iwiri.

Koma chimene chinawavuta koposa ndi maliro. Inu a m'tauni mukhoza kutumiza ya chipepeso pa foni n'kupitiriza nchito. Ku Lundazi ukapanda kuoneka pa maliro anthu amasunga mumtima, ndipo tsiku lako likadzafika udzaona mipando yopanda anthu. Asisi anapeza njira yawo: amapita kukagona kunyumba ya maliro usiku, m'mawa amathandiza kuphika, koma 14 hours amakhala ali pakhonde, kupatula tsiku loika m'manda kapena akakhala wachibale weniweni. Tsiku lotayikalo amalibweza Loweruka la sabata yomweyo, osati kutsogolo kosadziwika ngati mmene ndinkachitira ine. Alipo amene amawanena kuti ndalama yawalowa m'mutu. Ine sindingaweruze, chifukwa mbali zonse ziwiri ndikuzimva. Ndinangoona kuti pa sabata imene ndinakhalako anagona kumaliro usiku umodzi, anabwera maso ali psuu, ndipo anaphunzitsa.

Pophunzitsa pamamveka zilankhulo zitatu. Ana ambiri kwawo amalankhula Chitumbuka, akalowa pageti ndi "monire a Madam." Kusukulu chilankhulo cha kuno kum'mawa chimene amaphunzira ndi Chinyanja, pomwe mafunso a samu ndi sayansi pa mayeso amabwera m'Chingelezi. Asisi amafotokoza chinthu m'Chitumbuka mpaka mwana agwedeze mutu, kenako amamuuza kuti achinene yekha m'Chingelezi, kenako achilembe. Lachisanu lililonse ndi la mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, wotchi ili pa msomali, osayankhulana. Akuti ana ambiri sagwa chifukwa chosadziwa, amagwa chifukwa nthawi imawathera ali pa funso lachitatu. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ija yabweretsa Form 1 m'malo mwa Grade 8, yawapatsanso nchito ina: manotsi awo ena akale sakugwiranso, ndiye ola limodzi Loweruka m'mawa amaliika padera kuti aziphunzira iwo eni.

Mayeso akayandikira kumabweranso alendo a usiku. Bambo wina anafika ndili pomwepo, anakhala pa benchi, anazungulira nkhani ya mvula ndi mtengo wa feteleza, kenako anatsitsa mawu n'kufunsa ngati a Madam angapezeko "kaja ka leakage." Asisi anamuuza mwaulemu kuti alibe ndipo sakufuna kukhala nako, kuti mwana akagwidwa zotsatira zake zimafafanizidwa ndipo wom'patsayo nkhani yake imathera kupolisi. Bamboyo anachoka atakhumudwa. M'mawa mwake mwana wake anabwera ndithu pa 14 hours.

Kwa amene mukuganiza zoyamba, mawu awiri a malamulo. Asisi analembetsa ku Teaching Council of Zambia monga mphunzitsi aliyense ayenera kuchitira, ndipo akusunga ndalama mu chilimba kuti akalembetse dzina la bizinesi ku PACRA, chifukwa akufuna kuchoka pakhonde n'kuchita lendi chipinda. Musaganize kuti alemera. Zimene amapeza zimakwana chakudya, sopo, yunifomu ya ana ndi chilimba, basi. Maina a aphunzitsi atsopano akatuluka amayang'anabe. Ndinawafunsa kuti dzina likadzatuluka, n'kukutumizani kutali ngati ku Chama, ana awa mudzawatani? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati adzamaliza nawo temu kaye.

Usiku womaliza ndinawaululira za bolodi yanga ya kuseri kwa wodilopu. Anaseka mpaka misozi. Atatha anandifunsa funso limodzi: pa sabata yonse, ndi maola ati amene abwana ako sangakulande? Ndinaganiza. Loweruka m'mawa, 07 mpaka 09, nkhani zisanayambe kuyenda. "Ndiye gulitsa yamene ayo chabe," anatero. "Osagulitsa nthawi yamene ulibe. Ndipo uyambe kunkhalapo weka mwezi wonse usanaitane munthu."

Ndinabwerera ku Lusaka ndi kathumba ka nshawa ndi buku lachikuto cholimba limene anandigulira pa msika. Bolodi ndinaitulutsa, ndinaipukuta fumbi. Loweruka loyamba ndinakhala pa benchi ndekha kuyambira 07, ndikuyankha pepala la Chingelezi la GCE, ana a landilodi akundisuzumira pa windo. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinagona mochedwa chifukwa cha nkhani ina, ndinadzuka 07:40, ndipo nditawauza asisi pa foni anati mwezi uyambirenso.

Tsopano ndili pa Loweruka lachiwiri la mwezi watsopanowo. Mayi uja amene ndinam'bwezera ndalama mu 2023 anadutsa pageti sabata yatha akupita kukakwera basi, anaona bolodi, anaima pang'ono. Sananene kanthu, inenso sindinamuitane.