Kadoma ndi Chegutu: Kwa Abale Athu a ku Migodi

Malo ake

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pamsewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Kufikira 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Chuma chake n'cha golide ndi thonje.

Anthu athu ndi miyambo yawo

Wofuna kudziwa bwino mbiri ya Malawi asalambalale matauni awiriwa. Msonkho wa atsamunda utavuta, makolo athu ankauyamba wapansi ulendo wodzera ku Tete, ena ankakwera magalimoto a Ulere, kukafuna ntchito kumigodi monga Cam and Motor, pafupi ndi Kadoma, ndi Dalny ku Chakari, kapena m'mafamu. Pambuyo pake ena analowa m'fakitale ya nsalu ya David Whitehead. Ambiri anakwatira komweko, ndipo kumudzi tinangowatcha matchona.

Alipo onena kuti anthuwa anatayika, poti zidzukulu zawo zimayankhula Chishona ndipo ku Dedza kapena ku Mangochi sizinapondeko. Koma munthu wotayika sasunga mwambo. M'makomboni a migodi, mkulu akamwalira ng'oma zimalira, Gule Wamkulu n'kutuluka kudambwe, fumbi koboo, amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera nyimbo m'Chichewa. Ayao anamanga mizikiti ndipo amavinabe beni. Pakhomo, mayi amasinja mtedza mumtondo, nausefa, nathira nsinjirozo mumphika wa nkhwani umene ukubwata, monga momwe agogo ake ankachitira. Nsima ija, ngakhale kumeneko amati sadza, imadyedwa ndi chigwada kapena therere lothira chidulo. Zimenezi sanaziphunzire kusukulu. Anazisunga pakati pa chitonzo, akutchedwa anthu opanda kwawo.

Mavuto awo

Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anasowa pokhala chifukwa analibe mudzi wobwererako. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ochuluka opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 atavomereza obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. N'zochititsa manyazi kuti ife, amene tinadya ndalama za thukuta lawo ndi kufunda mabulangete amene ankatumiza, tinakhala chete.

Chibale ndi fupa, sichiola. Inu owerenga, mukadzadutsa pamsewu wa ku Bulawayo, tsikani pa Chegutu kapena pa Kadoma, mufunse a Phiri ndi a Banda a kumeneko za makolo awo, ndipo mukawauze ana anu kuti kumeneko kuli abale awo.